Mlendo Wosatsazika

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Ponena mawu amenewa iwo ankatanthauza kuti mlendo sakhalitsa: amafika, amalandiridwa, amacheza, kenaka n'kutsazika. Komatu m'nyumba zambiri za m'Malawi mudalowa mlendo wina amene satsazika. Mlendoyu amadzuka pamodzi ndi eni nyumba, amakhala nawo pa chakudya, ndipo usiku amalowa nawo mpaka kuchipinda kumene ngakhale mbale weniweni sapondako wamba. Mlendo ameneyu ndiye wailesi yakanema, lamya ya m'manja ndi intaneti. Funso limene likuzunguza mabanja ambiri ndi lakuti: kodi n'koyenera kumuikira malire mlendo wotereyu, kapena kutero n'kulanda anthu ufulu ndi kubwezera chitukuko m'mbuyo?

Mlendoyu sadabwere kale m'dziko muno. Wailesi ya MBC idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, koma padapita zaka 35 dziko lino lisanakhale ndi nyumba yakeyake youlutsira kanema, pakuti Television Malawi idatsegulidwa m'chaka cha 1999. Kampani ya lamya za m'manja ya TNM idayamba m'chaka cha 1995, ndipo ya Celtel, imene pambuyo pake idadzakhala Airtel, idatsatira m'chaka cha 1999. Facebook idabadwa m'chaka cha 2004, WhatsApp mu 2009. Izi zikusonyeza kuti makolo ambiri amene ana awo ali kusekondale lero adakula popanda zipangizozi. Pa nkhani ya ukwati, maliro, chinamwali ndi kulandira alendo, makolo adasiyiridwa mwambo ndi agogo awo. Pa nkhani ya lamya ndi kanema palibe mwambo umene adasiyiridwa. N'chifukwa chake banja lililonse likungofufuza lokha njira ngati munthu woyenda mumdima.

Munthu wachilungamo sangakane ubwino wa zipangizozi. Kale uthenga wa maliro unkayenda pa njinga, pa telegalamu kapena pa mauthenga achisoni a pa wailesi, ndipo ena ankamva mbale wawo ataikidwa kale. Lero uthenga wotero umafika nthawi yomweyo. Mayi wa ku Mzimba kapena ku Mangochi amaona nkhope ya mwana wake amene ali ku Johannesburg, ndipo mlimi amalandira ndalama kudzera pa Mpamba kapena pa Airtel Money osakwera basi. Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chaka cha 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ophunzira amene adali ndi wailesi kapena lamya adapitirizako maphunziro pamene anzawo adangokhala. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera m'chaka cha 2023, anthu ambiri adadziwa za abale awo kudzera pa lamya zomwezi.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti kuopa zinthu zatsopano si kwa lero. Plato, katswiri woganiza mozama wa ku Greece, adalemba m'buku lake lotchedwa Phaedrus nthano ya mfumu ina ya ku Egypt imene idanyoza luso la kulemba poopa kuti anthu akadziwa kulemba adzasiya kusunga zinthu m'mutu. Dziko likadamvera mfumu imeneyo, bwenzi kulibe mabuku. Choncho amene akufuna kuti lamya ndi kanema zithamangitsidwe kotheratu m'nyumba akulakwitsa monga idalakwitsira mfumu ija. Mlendoyu adabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kumupirikitsa n'kudzimana.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zipangizozi zili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo sukuthera pa ndalama za mayunitsi ndi magetsi. Katswiri wina wa ku America, Herbert Simon, adanena m'chaka cha 1971 kuti nkhani zikachuluka, chimene chimasowa ndi chidwi cha anthu ozilandira. Makampani a masamba a mchezo a pa intaneti amapeza phindu lawo lalikulu poitanira malonda, ndipo phindulo limakula munthu akamachedwa pa tsamba lawo. Pa chifukwa ichi masambawo adakonzedwa mwadala kuti munthu asamafune kuchokapo. Buku lili ndi tsamba lomaliza. Nthano ya agogo ili ndi pothera pake. Pologalamu ya pa wailesi ikatha, woulutsa amatsazika. Koma tsamba la mchezo lilibe malekezero: chithunzi chikatha kumabwera china, kanema akatha wina amayamba yekha. Aza Raskin, amene adathandiza kukonza njira yotsetsereza tsamba mosalekeza m'chaka cha 2006, adadzanena yekha poyera kuti akumva chisoni ndi mmene luso lakelo likugwiritsidwira ntchito.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu amene amatha maola atatu tsiku lililonse akuyang'ana lamya kapena kanema amakhala atatha maola 1,095 pa chaka, amene ndi masiku athunthu 45, usana ndi usiku. Ndalama ikatayika munthu amatha kuipezanso, koma nthawi ili ngati madzi: ikatayika siwoleka. Wophunzira wa Fomu 4 amene wataya masiku 45 sangakawapemphe kwa oyang'anira mayeso a MSCE.

Koma chotayika chachikulu chili pakati pa anthu a m'nyumba imodzi. Chitsanzo chake ndi chimene chimachitika madzulo m'mabanja ambiri a m'tauni. Nsima yafika pa tebulo. Bambo maso ali pa mpira wa ku England, mayi akuyankha mauthenga a gulu la kumpingo, mnyamata wamkulu watseka makutu ndi timawaya ta nyimbo. Kamtsikana ka sitandade 2 kabwera ndi kope lake n'kunena kuti, "Amayi, taonani, lero ndakhoza zonse." Mayi osadzutsa mutu angoti, "Dikira kaye, mwanangu." Agogo amene abwera kuchokera kumudzi ndi nkhani za mvula, za mbewu ndi za abale angokhala chete pa mpando, kenaka n'kupempha kuti akagone. M'nyumbamo palibe amene watukwana kapena kumenya mnzake, komabe cholakwa chachitika.

Cholakwacho chimaoneka bwino chikayikidwa pafupi ndi mwambo wa malonje. Pa chikhalidwe cha Amalawi, munthu akafika pakhomo, wosinja amaimika munsi, wosema amatula kasemasema, ndipo onse amatembenukira kwa wofikayo. Kuleka ntchito kotereku n'kumuuza munthu kuti iye ndi wofunika kuposa chimene chili m'manja. Kulankhula ndi munthu maso ali kwina kumamuuza zosiyana ndi zimenezo. Kamtsikana kaja kakauzidwa kuti kadikire lero, mawa ndi mkuja, kamaphunzira kuti nkhani zake n'zopanda pake, ndipo kamasiya kuzibweretsa. Kakadzafika Fomu 2 n'kukumana ndi vuto lenileni, makolo adzadabwa kuti bwanji sikadawauze, kuiwala kuti njira yopita kwa iwo idamera udzu kalekale. Umunthu umaphunziridwa poona nkhope za anthu, pomvetsera ndi podikira kuti wina amalize kulankhula. Izi siziphunzitsidwa m'kalasi. Sukulu yake ndi pakhomo.

Azaumoyo nawonso adalankhulapo. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti makanda ndi ana a chaka chimodzi asamaonetsedwe kanema kapena lamya, ndipo ana a zaka ziwiri mpaka zinayi asamapitirire ola limodzi pa tsiku. Chaka chomwecho bungweli lidavomereza kuti kukomedwa ndi masewera a pa kompyuta mpaka kulephera kudziletsa kuikidwe m'gulu la matenda. N'zodziwikanso kuti kuwala kwambiri usiku kumachedwetsa tulo, ndipo mutu wosagona mokwanira sugwira bwino zimene waphunzira. Wophunzira amene amagona ndi lamya pansi pa pilo amalipira m'mawa mwake, mphunzitsi akamaphunzitsa iye akusinza.

Pamenepa achinyamata ambiri amatsutsa. Iwo amati lamya ndi yawo, nthawi ndi yawo, ndipo kuwaikira malire n'kuwaphwanyira ufulu. Mawu amenewa sayenera kunyozedwa, pakuti munthu amene akukula amafunikadi mpata wodzisankhira zochita. Koma ufulu weniweni umayesedwa ndi funso limodzi: kodi munthuyo angathe kuleka atafuna? Amene adati angoonako mphindi zisanu n'kupezeka kuti tambala akulira adakali pomwepo sadasankhe yekha kuchezera usiku wonse. Adasankhiridwa ndi anthu akutali amene sadzawaona n'komwe. Kavalo wothamanga popanda chingwe angaoneke womasuka, koma womukwerayo ndiye ali m'ukapolo. Aristotle, wophunzira wa Plato, adaphunzitsa kuti khalidwe labwino limapezeka pakati pa kuperewera ndi kupyola muyeso, ndiponso kuti munthu amakhala wodziletsa pozolowera kudziletsa. Amayi a kumudzi amadziwa mfundo yomweyi osawerenga buku: ndiwo zopanda mchere sizikoma, koma zochuluka mchere sizidyeka.

N'zochititsa chidwi kuti ena mwa opanga zipangizozi adaziikira malire m'nyumba zawo. Steve Jobs, amene pa nthawiyo adali mtsogoleri wa kampani ya Apple, adauza mtolankhani wa nyuzipepala ya New York Times m'chaka cha 2010 kuti ana ake adali asanagwiritsepo ntchito iPad, chifukwa kunyumba kwake ankachepetsa zoterezi. Maboma enanso adachitapo kanthu. Dziko la France lidaletsa lamya za m'manja m'sukulu za ana ofika zaka pafupifupi 15 m'chaka cha 2018, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Australia idavomereza m'chaka cha 2024 lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo. Komatu lamulo la boma limathera pa khomo. Zochitika pabalaza ndi kuchipinda zili m'manja mwa eni nyumba.

Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya. Bambo amene amalanda mwana lamya kwinaku yake ili m'manja amangophunzitsa mwanayo kuti lamulo ndi la ofooka okha. Kulanda mwaukali kumabala chinyengo: mwana amabwereka lamya kwa mnzake, kapena amazembera ku tinyumba toonetsera kanema ta pa msika, kumene amakaona zoipa kuposa zimene makolo ankaopa. Nkhanga zidapangana kusanache. Banja lanzeru limakhala pansi, ana ndi akulu omwe, n'kugwirizana malire amene aliyense adzawasunge, kuyambira bambo mwini.

Malirewo sayenera kuchuluka. Mwambo wolandirira alendo womwe uja ungathe kutsogolera. Choyamba, mlendo salamulira pa chakudya: nthawi ya nsima kanema azimitsidwe ndipo lamya ziikidwe patali. Chachiwiri, mlendo salowa kuchipinda: usiku lamya zizigona pabalaza, kupatula imodzi ya makolo yolandirira uthenga wadzidzidzi. Chachitatu, mlendo sadula mwini nyumba pakamwa: munthu akayamba kulankhula, womvera aike pansi chimene chili m'manja. Kanema aziyatsidwa chifukwa pali pologalamu imene banja lasankha, ndipo ikatha azizimitsidwa, m'malo momangolira tsiku lonse ngati mtsinje.

Poyamba nyumba imaoneka ngati yazizira, ndipo ana amadandaula kuti akusowa chochita. Kusowa chochita kumeneko si matenda. M'menemo ndi mmene mudabadwira bawo, fulaye, phada, zilapi ndi magalimoto a mawaya. Magetsi akazima madzulo m'makwalala a Ndirande kapena Kawale, anthu amatulutsa mphasa pa khonde, ndipo posakhalitsa kumamveka kuseka ndi nkhani zimene zikadatsekeredwa ndi phokoso la kanema. Chimene kuzima kwa magetsi kumachita mwangozi, banja lingathe kuchichita mwadala, ngakhale madzulo amodzi okha pa sabata.

N'zoona kuti m'midzi yambiri vuto lidakali kusowa kwa magetsi ndi intaneti, ndipo ana a kumeneko akufunika kufikiridwa ndi zipangizozi kuti asatsalire pa maphunziro. Koma m'mera mpoyamba. Kumene mlendoyu sanakhazikike ndi kumene kuli mwayi womulandira ndi mwambo wabwino kuyambira tsiku loyamba.

Achinyamata amene ali kusekondale lero ndiwo mbadwo woyamba kukula ndi mlendo ameneyu chibadwire, ndipo amamudziwa bwino kuposa makolo awo. Mawa iwo ndiwo adzakhale abambo ndi amayi, ndipo mwambo umene makolo awo sadaulandire adzayenera kuupanga okha ndi kuusiyira ana awo. Ntchito imeneyi iyamba ndi zinthu zazing'ono: kutembenuza lamya chafufumimba agogo akayamba kulankhula, kapena kuisiya pabalaza usiku wa mayeso popanda wowauza. Mlendo wabwino amapatsidwa mpando, madzi ndi chakudya, koma makiyi a nyumba amakhala ndi mwini wake.