KODI MMISIRI ALI NDI MLANDU PA CIZOLOWEZI CA WOGULA?

Pali funso loyenera kulisinkhasinkha ife tonse oyenda ndi lamya ya m'manja. Kodi mmisiri wopanga cinthu cokoka mtima wa munthu tsiku ndi tsiku acita bwino, kapena alakwa?

Tiyambe taona macitidwe ace. B. F. Skinner, wanzeru wa ku America, anayesa nkhunda m'mabokosi. Anapeza kuti nkhunda yolandira njere nthawi zina, nthawi zina ai, osadziwa kuti zidza liti, ijompha kosaleka. Nzeru yomweyi yalowa m'lamya zathu. M'caka ca 2014 Nir Eyal anaturutsa buku lochedwa Hooked, m'mene aphunzitsa amisiri makwerero anai: kuitana munthu, kumcititsa kanthu kapafupi, kumpatsa mphotho yosadziwikiratu, ndi kumsiyitsa kanthu kace momwemo kuti abwerenso. Cotero lamya ilira, munthu aitsegula, lero apeza uthenga wokoma, mawa apeza cabe. Ndipo tsamba lopanda mathero, limene Aza Raskin analipanga m'caka ca 2006, licotsa popumira, pamene munthu akadati, Basi.

Tsono ena ati, Mlandu uli kwa mwini lamya, pakuti palibe womkakamiza. Mau awa ali ndi coonadi, koma si conse. Cizolowezi siciri coipa pa cokha. Wosula khasu alipanga lokoma m'dzanja kuti mlimi alinyamule m'mawa ndi m'mawa. Momwemonso Duolingo iwerenga masiku a wophunzira cinenero kuti asaleke. Koma wochera msampha nayenso adziwa bwino njala ya mbewa, ndipo saika nyambo kuti mbewa inenepe.

Kusiyana kwace ndi uku: nchito ikatha mlimi atula khasu, nadzaona zokolola, msampha ukagwira sumasula. Makampani onga Facebook apeza ndalama zao ndi malonda oonetsedwa kwa woyang'ana, ndipo woyang'ana nthawi yaitali awapindulitsa koposa. Apa mpomwe mmisiri ayesedwa, pakuti phindu lace likhoza kukula pamene munda wa mnzace ulikulowa chire.

Cifukwa cace mmisiri adzifunse kuti, Munthu uyu akadziwa macenjerero anga onse, kodi adzandiyamika? Ngati ai, wacita cinyengo, ngakhale sanakakamize munthu. Ndipo inu atate ndi amai, penyani ngati ana anu akhoza kuitula lamya pa nthawi ya nsima ndi ya tulo, osabvutika mtima. Ngati sakhoza, athandizeni kuika malire, muyambe ndi inu eni.