Alenje a Kuseri kwa Nyumba

Anthu amalipira ndalama zambiri kupita ku Liwonde kapena ku Majete kuti akaone mkango ukusaka. Chonsecho ulenje wina umachitika usiku uliwonse pakati pa nkhokwe, khola la nkhuku ndi dzala, ndipo palibe amene amautchera khutu.

Taonani galu wa pakhomo, uja amakhutira makoko a nsima n'kugona paphulusa tsiku lonse. Kukangoti tswa m'mapesi, tulo tonse balala: makutu njo, mwendo umodzi m'mwamba, mphuno pansi. M'mphuno imeneyo timaselo tomva fungo timatha kufika 300 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 6 miliyoni basi. Timing'alu ta m'mbali mwa mphuno yake timatulutsira mpweya cham'mbali kuti fungo latsopano lizingolowabe. Akapeza una amafukula mpaka dothi kuuluka, ndipo mbewa ikatuluka amaigwira pakhosi n'kuikutumula kamodzi. Anamuphunzitsa ndani? Papita zaka zosachepera 15,000 chiyambire makolo ake, mimbulu ya ku Ulaya ndi Asia, kukhala ndi anthu, koma luso limene Namalenga anaika m'magazi mwake silinasukuluke. Nthawi zina saidya n'komwe. Amangoisiya pakhonde, mchira uli pukupuku.

Komabe katswiri weniweni wa pabwalopo si galu ayi. Ndi mbalame imene timaithamangitsa ndi zikuni zamoto: kadzidzi, makamaka uja wa nkhope yoyera wokonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi a masukulu. Nkhope yakeyo ili ngati lichero, imasonkhanitsa phokoso n'kulipereka kumakutu. Makutuwonso sanalingane, lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake, choncho kaphokoso ka mbewa kamafika mosiyana m'makutu awiriwo ndipo mbalameyo imadziwa malo enieni amene nyama yake ili. Wasayansi wa ku America, Roger Payne, anatsekera kadzidzi wotere m'chipinda cha mdima wa ndiweyani, ndipo zimene anafalitsa mu 1971 zinasonyeza kuti ankagwira mbewa ndi makutu okha. Nthenga za kumapiko kwake zili ndi timano tophwanya mphepo, moti mbewa siimva kanthu mpaka zikhadabo zitaifika pamsana. Maso ake satembenuka, koma khosi lili ndi mafupa 14, pamene lathu lili ndi 7, ndiye amazunguza mutu mpaka kuona kumbuyo. Akameza mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa amazilavula zitaumbika kampira. Mwana wachidwi ataphwanya kampirako angapezemo chigaza chonse cha mbewa, mano ali mbuu. Ine ndikaganizira zonsezi, mawu oti "mbalame ya afiti" amandikanika kutchula.

Masana ntchito imagwera ena. Nyenga imadutsa mumpanda, kabawi amazungulira kumwamba, thadzi n'kulira kamodzi anapiye onse bii pansi pa nkhokwe. Ngakhale mumzinda wa Lilongwe, m'mphepete mwa mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, mukuyendabe afisi, ankhandwe ndi njuzi, ndipo a bungwe la Carnivore Research Malawi akhala akutsata moyo wa afisiwo. Njuzi, imene miyendo yake ndi yaitali kuposa ya amphaka ena onse poyerekeza ndi thupi, imaima duu m'udzu kumvetsera, kenako n'kudumpha m'mwamba kukatera pambewa ndi mapazi akutsogolo.

Nanga ndi adani onsewa, kuphatikizapo anyamata a makasu aja ogulitsa mbewa zapandodo mumsewu wa M1, bwanji mbewa sizitha? Apa m'pamene pagona chodabwitsa chachikulu. Mlengi sanakondere. Kapuku, mbewa yofala m'minda mwathu, sanapatsidwe nyanga kapena ululu. Anapatsidwa kubereka. Bere lake limatenga masiku 23 okha, amaswa ana 10 kapena 12 nthawi imodzi, ndipo mawere ake amatha kufika 24. Pakangotha miyezi iwiri kapena itatu, anawo nawonso ayamba kuswa. Popanda omudya, kapuku angamalize mbewu yongodzala kumene ndi chimanga cha m'nkhokwe. Popanda kapuku, kadzidzi ndi njuzi zingagone ndi njala. Amene analinganiza zimenezi anawerenga bwino.

Banja limodzi la akadzidzi limadya mbewa ndi makoswe opitirira 1,000 pachaka, osalipiritsa ngakhale tambala. Koma khoswe amene wadya mankhwala amayenda modzandira, n'kukhala woyamba kugwidwa, ndipo poizoniyo amatha kupha kadzidzi, mphaka ngakhalenso galu wanu yemwe. Musanathire mankhwala kuseri kwa nyumba, ganizirani kaye amene adzatole khosweyo. Ndipo kadzidzi akalira padenga usiku uno, chikuni chija chisiyeni pamoto.