Chikomekome cha Mkuyu: Kusankha Ukulele Yopirira Dzuwa la ku Chama

M'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa, m'boma la Chama, mkuyu ukabereka patsinde pake sipasowa alendo. Anyani, mbalame, mbawala ndi njovu zimasonkhana pamenepo, ana a m'midzi nawonso n'kumatolako zawo. Nkhuyu yakupsa imakhala yofiirira, yofewa ndiponso yonunkhira. Koma mwana wokulira kuchigwa saiponya m'kamwa yamphumphu. Amayamba waing'amba pakati ndi zala, podziwa kuti mkatimo mumakhala tizilombo: timavu tating'onoting'ono tolowera pakabowo ka kunsonga kukaikira mazira, mphutsi, komanso nyerere zotsata kutsekemera. Apa ndi pomwe makolo adatola mwambi woti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kawirikawiri mwambiwu umamveka pa nkhani za banja. Ankhoswe amaunena pochenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope, kapena mtsikana wokopeka ndi suti ndi pakamwa potsekemera. Ena amaumva ngati ukunena kuti chokongola chilichonse n'choipa, koma sichoncho. Nkhuyu anthu amadya ndithu, ndipo timavu tija ndi tomwe timanyamula mungu kuti mtengowo ubereke. Chomwe makolo ankaletsa n'kumeza chinthu usanaone mkati mwake.

Phunziroli likumukhudza mlimi wa ku Chama amene wagulitsa mpunga wake ndipo akufuna kugulira mwana, kwaya ya kumpingo kapena kalabu ya pasukulu choimbira cha nsambo. Gitala yabwino imadula, kuinyamula pabasi n'kovutanso. Ukulele ndi yaing'ono, ili ndi nsambo zinayi zokha za nayiloni zosapweteka zala, ndipo amene adakula akuimba banjo yachigubu sachedwa kuizolowera.

Choimbirachi chidabadwira ku Hawaii. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag idafika ku Honolulu itanyamula anthu a pachilumba cha Madeira opita kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Mwa iwo mudali akalipentala atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, omwe adayamba kusema timagitala takwawo ndi mtengo wakumeneko wotchedwa koa. Mfumu Kalākaua itazikonda, zoimbirazi zidatchuka. Lero zodziwika kwambiri ndi za misinkhu inayi: soprano, yotalika masentimita pafupifupi 53, concert ya 58, tenor ya 66, ndi baritone, yaikulu pa zonsezi.

Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Pamsika wapadziko lonse zilipo za madola osakwana 30, zambiri mwa izo zongoseweretsa ana. Zapakatikati, monga zambiri za makampani a Kala, Ohana ndi Lanikai, zimagwera pakati pa madola 100 ndi 300. Za Kamaka, kampani ya ku Honolulu yomwe idayamba mu 1916, zimapitirira madola 1,000.

Nyerere zambiri zili m'gulu loyambalo. Ukulele yotchipa imabwera itapakidwa penti wowala, yofiira kapena yobiriwira, mwina yojambulidwa maluwa. Pachithunzi cha pa Facebook kapena pashelefu ya m'sitolo imaoneka ngati yolemekezeka. Koma penti wochindikala amabisa thabwa loipa, amaphanso mawu, pakuti thabwa lakumaso liyenera kunjenjemera momasuka kuti choimbira chimveke. Wogula amazindikira zimenezi atafika kale kumudzi. Kuchoka ku Lusaka kudzera ku Chipata ndi Lundazi mpaka pa Chama boma ndi makilomita oposa 800, ndipo m'dzinja msewu umavuta. Palibe amene angabwerere ulendo wonsewo kukabweza kanthu kolira ngati chitini. Ndalama ya mpunga yapita basi.

Nanga ukulele amaing'amba bwanji? Poyamba ndi zokungira nsambo za kumutu. Zokhala ndi timagiya tachitsulo zimagwira bwino kusiyana ndi zikhomo zotchipa zongothina, zomwe zimabwerera zokha nyimbo ili mkati. Kenako wogula ayendetse chala m'mphepete mwa khosi. Timizere tachitsulo topingasa khosilo, tomwe oimba amati mafureti, tisamakande; tikamakanda ndiye kuti ntchito yake idali yothamangira kapena thabwa lafota. Ayang'anenso mpata wapakati pa nsambo ndi fureti ya nambala 12. Mamilimita awiri ndi theka kapena atatu ndi okwanira. Ukaposa apo zala za mwana zimatopa, ndipo pakatha mwezi choimbira chimakaponyedwa kuseri kwa matumba a chimanga.

Mayeso aakulu ndi a khutu. Munthu akhwatche nsambo osaigwira, kenako aikanikize pa fureti ya 12 n'kukhwatchanso. Liwu lachiwirili liyenera kukhala lomwelo loyamba lija, kungoti lokwera. Likapatuka, mafureti kapena kathabwa komangirirapo nsambo adaziika polakwika, ndipo ngakhale katswiri achune chotani, kwaya idzamva kuti china chake chikusokonekera. Pomaliza asuzumire pabowo lapakati ndi tochi ya foni, aone ngati guluu sadadontherere paliponse, ayesenso kulowetsa kapepala pansi pa kathabwa ka nsambo kaja. Kapepala kakalowa, kathabwako kayamba kale kumatuka.

Wina anganene kuti njira yozembera zonsezi n'kugula yodula kwambiri. Komatu ku Chama yodulayo ili ndi nyerere zakezake. Imapangidwa ndi thabwa lenileni la koa kapena mahogany, lopalidwa mpaka kupyapyala, ndipo opanga amalangiza kuti izisungidwa pamalo pomwe chinyontho cha mumpweya chili pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Chigwa cha Luangwa sichidziwa malamulo amenewo. Kuyambira Meyi mvula imasowa, mu Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, kenako dzinja limabwera ndi chinyezi chadzaoneni. Thabwa lotere limafota m'chilimwe, limatupa m'dzinja, mapeto ake limang'ambika. M'nyumba yamalata masana guluu nayenso amafewa.

Apa ndi pomwe yapakatikati imapambanira. Zambiri zimapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatikiza mopingasana, monga pulaiwudi koma wosankhidwa bwino. Mawu ake safika pa a thabwa lenileni, koma sizing'ambika wamba. Zina zimakhala ndi thabwa lenileni kumaso kokha, kumbuyo ndi m'mbali n'kukhala zomatikiza. Izi zimamveka bwinoko, ngakhale zimafuna chisamaliro: kuzisunga m'chikwama chake, kutali ndi zenera ndi moto wa kukhitchini.

Pali zina zomwe wogula angaziyese nyerere pamene sizili choncho. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kotero kuchuna pafupipafupi masiku oyamba si umboni woti wagula chinyengo. Nsambo zoipa zimasinthika mosavuta, ndipo za Aquila zochokera ku Italy n'zodziwika kuti zimadzutsa mawu. Choopsa n'kumangapo waya wa buleki ya njinga monga amachitira pa banjo yachigubu. Wayayo amakoka mwamphamvu, amazula kathabwa ka nsambo ndi kupinda khosi.

Mwambiwu ulinso ndi mbali ina, yoti chosaoneka bwino chitha kukhala chokoma mkati. Gulu la Madalitso Band la ku Lilongwe ndi la anthu awiri okha: Yobu Maligwa woimba babatoni wa nsambo imodzi, ndi Yosefe Kalekeni woimba gitala ya nsambo zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Zida zawo n'zopanga pamanja, zopanda kung'anima kwa m'sitolo. Adayambira kuimba m'misewu, mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako adayendera maiko a ku Ulaya. Anthu amawalipira chifukwa cha zomwe khutu likumva.

Kwa wogula wa ku Chama, ndiye, yoyenera ndi ukulele ya msinkhu wa concert, pakuti imakwana m'manja mwa mwana ndi wamkulu yemwe, ya matabwa omatikiza, yokhala ndi zokungira za magiya. Ndalama yotsala agulire chikwama chofewa mkati ndi nsambo zapadera, popeza nsambo za ukulele sizipezeka pagolosale. Ngati iye sadziwa kuimba, apite ndi wotsogolera kwaya kapena woimba gitala wodalirika, ndipo asapereke ndalama munthuyo asanaichune, asanaiimbe, asanasuzumire mkati mwake.