Kodi Mtolankhani Ndi Mthenga wa Yani?

Nyuzipepala ikamafika pa Lobi imakhala itatopa kale. Yayenda ulendo wautali, yadutsa m'manja mwa mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi wamalonda, ndipo mawa lake idzakulungira matimati pamsika. Komabe isanathere pamenepo imakhala itagwira ntchito yaikulu: yauza mlimi wa kachewere, amene sadapondemo m'holo ya msonkhano waukulu wa chipani, zimene akuluakulu a dziko adalankhula m'dzina lake. Mlimiyo kumsonkhanoko kudalibe, adali kudimba. Zimene waona mtolankhani ndizo waona iye, ndipo zimene mtolankhani wabisa, kwa iye sizidachitike. N'chifukwa chake funso limene tikufuna kulingalira pano si la atolankhani okha ayi, ndi lathu tonse. Kodi munthu wolemba za akuluakulu pa msonkhano wotere ndi mthenga wa yani? Wa amene akhala ku gome laulemu, kapena wa amene atsala kumudzi?

Makolo athu ankadziwa kulemera kwa uthenga. Pamudzi pakagwa zovuta, munthu wotumidwa kukauza abale akutali safika ndi phokoso. Amanjuta, amatsitsa mawu, ndipo sanena kuti uje wafa. Amati odwala aja atisiya. Umenewu ndi ulemu. Koma mthenga yemweyo atati anene kuti odwala aja akupezako bwino, poopa kukhumudwitsa eni nyumba, palibe amene angamutche waulemu. Onse adzamutcha wabodza, ndipo sadzamutumanso. Choncho mwambo wathu umasiyanitsa zinthu ziwiri: kufewetsa kanenedwe, ndi kukhotetsa uthenga. Choyambacho ndi umunthu, chachiwiricho ndi kupereka amene adakukhulupirira.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo ndi muyeso umenewu. Kuyambira mu 1966 mpaka mu 1993, m'Malawi mudali chipani chimodzi chokha chololedwa, cha Malawi Congress Party, ndipo zimene msonkhano wake wapachaka unkagamula sizinkachedwa kusanduka lamulo la dziko. Msonkhano wa mu 1968 ndiwo udakhazikitsa Chichewa ngati chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi. Wa mu 1970 ndiwo udapempha kuti Dr. Hastings Kamuzu Banda akhale Pulezidenti wamuyaya, zimene zidakwaniritsidwa mu 1971. Izi zidali nkhani zokhudza mwana wasukulu wa pa Lobi monganso mnzake wa ku Rumphi. Nanga ankatiuza ndani? Idalipo Malawi News, imene idabadwa mu 1959 ngati nyuzipepala ya chipanicho. Daily Times, imene kampani yake idadzakhala m'manja mwa Dr. Banda, Boma Lathu, yosindikizidwa ndi boma, ndiponso wailesi imodzi ya MBC. Zonsezi zinkatulutsa liwu limodzi.

Akuluakulu amene adawerenga nyuzipepala za nthawi imeneyo akukumbukira zimene zinkapezekamo: chithunzi cha Ngwazi itanyamula litchowa, amayi a Mbumba akuvina, mphatso za nthumwi za m'maboma, nduna zikuthokoza, ndi nsanamira zinayi zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mfundo iliyonse inkaoneka kuti yavomerezedwa ndi onse. Zambiri mwa zolembedwazo zidachitikadi. Amayi adavinadi, nduna zidathokozadi. Bodza silidali m'mawu amene adalembedwa, koma m'mawu amene adasiyidwa. Sitidawerengemo za mtima wa Mtumbuka pamene chilankhulo chake chidachotsedwa pa wailesi mu 1968. Sitidawerengemo funso la munthu ngakhale mmodzi lakuti, kodi mtsogoleri wamuyaya akalakwitsa tidzamuwongola bwanji? Munthu angathe kunama osanenapo mawu abodza ndi amodzi omwe, pongosankha zoti aonetse ndi zoti aphimbe.

Wina anganene kuti: dziko lidali laling'ono msinkhu, linkafunika umodzi, ndipo pa chikhalidwe chathu mwana satsutsa mkulu pagulu. Winanso angatikumbutse kuti mtolankhani wa masiku amenewo adali ndi mkazi ndi ana, ndipo chipata cha ndende ya Mikuyu chidali chosavuta kulowa koma chovuta kutuluka. Mawu amenewa tisawapeputse. Ife amene tikulankhula lero mopanda mantha tisafulumire kuweruza munthu amene ankalemba khosi lili pampeni. Mantha amachepetsa kulakwa kwa wolembayo. Koma sasandutsa bodza kukhala zoona, ndiponso sachotsa bala limene bodzalo lidasiya. Kunena za ulemu kwa akulu, makolo omwewo ndiwo adati wakutsina khutu ndi mnansi, adatinso mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfumu ya nzeru pabwalo imakhala ndi nduna zoinong'oneza ikamaphonya mlandu.

Chodabwitsa n'chakuti amene adavulala kwambiri ndi matamando aja ndi otamandidwa omwewo. Taganizirani za mpando wa mlembi wamkulu wa chipani, munthu amene dzina lake silinkasowa m'nkhani za msonkhano. A Aleke Banda, amene adayamba kukonza Malawi News ali mnyamata, adachotsedwa pa maudindo awo mu 1973, nyuzipepala ina ya ku Zambia italemba kuti mwina ndiwo adzalowe m'malo mwa Dr. Banda, pambuyo pake adakhala m'ndende osazengedwa mlandu kuyambira mu 1980 mpaka mu 1992. A Albert Muwalo adanyongedwa mu 1977 atapezeka olakwa pa mlandu woukira boma. A Dick Matenje adafa mu Meyi 1983 pamodzi ndi a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto ku Mwanza, ndipo masamba amene dzulo lake ankawatchula ndi ulemu wonse sadafunse funso ndi limodzi lomwe. Padapita zaka zoposa khumi kuti bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha linene poyera, mu 1995, kuti anthu anayiwa adachita kuphedwa ndi apolisi. Apa pali phunziro loti wandale aliyense alisunge: nyuzipepala imene singathe kukudzudzula uli pampando, singathenso kukuteteza ukagwa.

Chitsanzo china chidaoneka mu Malichi 1992. Pa 8 mwezi umenewo m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodandaula za umphawi, kusowa kwa chilungamo ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Patangopita masiku ochepa chipani chidaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe, kumene ena mwa akuluakulu adalankhula mawu ofuna moyo wa maepiskopiwo. Malawi News, m'malo mofotokozera dziko kuopsa kwa mawuwo, idalemba ndemanga yonena kuti olemba kalata aja asachitiridwe chifundo. Koma zolankhula za pamsonkhanopo zidali zitajambulidwa pa tepi, ndipo tepiyo idatuluka nimveka mpaka kunja kwa dziko. Ntchito imene mthenga wodziwika adaikana, adaigwira munthu wosadziwika dzina, moika moyo wake pachiswe. Mlandu suola. Pa 14 Juni 1993 Amalawi ambiri adavotera ulamuliro wa zipani zambiri.

Lero zinthu zidasintha, ndipo tiyenera kuthokoza. Gawo 36 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wa atolankhani. A Aleke Banda omwe aja, atatuluka m'ndende, adayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993. Pamene a John Tembo, mwana wa kuno ku Dedza, adasiyira a Lazarus Chakwera utsogoleri wa chipani cha Congress pa msonkhano wa mu Ogasiti 2013, dziko lidamva poyera za opikisana ndi mavoti awo. Chimodzimodzinso misonkhano ya MCP ku Lilongwe ndi DPP ku Blantyre mu Ogasiti 2024 idafika pa Lobi tsiku lomwelo kudzera pa wailesi ndi pa foni za m'manja.

Koma kodi funso lathu lija latha? Iyayi, langosintha malaya. Chimene kale chinkamanga dzanja la wolemba adali mantha. Lero kawirikawiri ndi njala ndi dyera. Atolankhani eni ake amadandaula za chipondamthengo, kandalama kamene wokonza msonkhano amapatsira wolemba nkhani. Kale chipondamthengo chidali cha sing'anga wopita kutchire kukakumba mankhwala a wodwala. Koma uyu akalandira, mankhwala ake amachiza woperekayo, wowerenga natsala ndi matenda ake. Palinso chiyeso china, chosandutsa msonkhano kukhala bwalo la nkhonya: wagwa ndani, wanyoza mnzake ndani, wafika ndi galimoto zingati. Kutukwana wandale kuti nyuzipepala igulidwe n'kulakwa kofanana ndi kumusyasyalika, pakuti monsemo mlimi uja waiwalika. Iye akufuna kudziwa chimene atsogoleriwo anena za mtengo wa feteleza, za msewu wotulutsira kachewere wake nthawi ya dzinja, za mankhwala a kuchipatala. Ndiponso ngati zimene adalonjeza pa msonkhano wapita uja adazichita.

Tsono yankho lathu n'lakuti mtolankhani ndi mthenga wa amene kulibe. Alowe m'holo ndi ulemu wonse, atchule akuluakulu ndi maudindo awo, alembe zabwino zimene achita mosaumira. Koma akumbukire kuti mpando umene wakhalapo si wake. Wakhalira gogo wa pa Lobi amene sadziwa kuwerenga, ndi mdzukulu amene adzamuwerengere madzulo. Ndipo ife owerenga tili ndi mbali yathu. Tikamakonda nyuzipepala yokhayo yotamanda chipani chathu, ndi kuda imene yatsina khutu mtsogoleri wathu, ndiye kuti tikudzilerera tokha amithenga abodza. Tsiku lina uthenga umene adzatibisire udzakhala wa maliro a pakhomo pathu.