Kodi Ulendo Umayezedwa ndi Mtunda Kapena ndi Kutopa?

Ndege yochoka pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka kupita pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, imauluka makilomita pafupifupi 600 osatera pena paliponse, ndipo sitha maola awiri ili m'mwamba. Mzere wowongoka wolumikiza mabwalo awiriwa umadutsa pamwamba pa boma la Rufunsa, lomwe kale linali mbali ya Chongwe. Pansi pakepo pali msewu wa Great East Road, umene umakhotakhota m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, n'kupitirira ku Chipata ndi ku malire a Mwami. Basi yodzera kumeneko imayenda makilomita oposa 700, ndipo wokwera amafika ku Lilongwe tsiku litatha.

Onse awiri, wa pandege ndi wa pabasi, amatchedwa apaulendo. Funso ndi lakuti chimene chimachititsa munthu kukhala wapaulendo n'chiyani: kutalika kwa mtunda, nthawi imene wathera panjira, kapena kuvutika kwa thupi. Zipembedzo zinayamba kalekale kuyeza mitunda. Buku la Machitidwe a Atumwi limatchula ulendo wa tsiku la Sabata, womwe mwa mwambo wa Ayuda unali mikono 2,000, pafupifupi kilomita imodzi. Koma nkhaniyi inakula kwambiri m'Chisilamu, chifukwa kumeneko yankho lake limasintha mapemphero a tsiku ndi tsiku.

Qur'an, mu sura ya 4 ndime 101, imalola wapaulendo kufupikitsa Swala, kutanthauza pemphero, ndipo mu sura ya 2 imamulola kumasula m'mwezi wa Ramadan n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake. Swala za maraka (magawo a pemphero) anayi, zomwe ndi Dhuhr, Asr ndi Isha, zimatsika kukhala maraka awiri; Fajr ndi Maghrib sizisintha. Bukulo silitchula mtunda, choncho maulama, akatswiri a malamulo a Chisilamu, anachita kuuwerengera potengera mayendedwe a m'nthawi yawo, a ngamila zosenza katundu ndi anthu oyenda pansi. Otsatira Imam Shafi'i, omwe ndi ambiri mwa Asilamu a Chiyao, anaika maulendo a masiku awiri, omwe lero amawerengedwa makilomita oposa 80 pang'ono. Otsatira Imam Abu Hanifa, monga Asilamu ambiri ochokera ku India okhala ku Chipata ndi ku Lusaka, anaika masiku atatu, ndipo mabuku awo ambiri amakono amati ndi makilomita pafupifupi 78. Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anakana malire a manambala: iye ankati ulendo ndi chimene anthu a m'deralo amachitcha ulendo.

Ndege inalekanitsa zinthu zimene maulama akale ankaziona zili pamodzi. Kale mtunda wautali unkabwera ndi dzuwa, ludzu ndi matuza kumapazi. Lero munthu wochoka ku Lusaka kupita ku Dubai pa ndege ya Emirates amadutsa makilomita pafupifupi 5,400 m'maola ngati asanu ndi awiri, atakhala pampando, chakudya akum'patsira pomwepo. Lamulo limamulola kufupikitsa. Koma munthu wa m'dera la mfumu Shikabeta ku Rufunsa amene wapalasa njinga makilomita 40 m'nyengo ya dzinja, kukaona wodwala ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya, sanafike pa mtunda wa Shafi'i kapena wa Abu Hanifa. Amafika ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo, koma amaswali maraka anayi onse.

Poyamba izi zimaoneka ngati kukondera, ndipo kukonderako kukukomera amene ali ndi ndalama ya tikiti. Akatswiri a malamulo a Chisilamu amayankha posiyanitsa zinthu ziwiri: chifukwa chimene lamulo limagwirira ntchito, ndi nzeru imene ili kuseri kwa lamulolo. Nzeru yake ndi kupeputsira munthu mavuto, koma chifukwa chake ndi ulendo weniweniwo. Kutopa kulibe sikelo. Mnyamata ndi nkhalamba oyenda njira imodzi satopa mofanana, ndipo lamulo likanadalira kutopa, aliyense akanakhala woweruza mlandu wake. Waulesi akanafupikitsa tsiku lililonse, woopa Mulungu kwambiri sakanafupikitsa n'komwe. Mtunda, ngakhale ndi muyezo wosakwanira, umaoneka kwa onse. Yankho limeneli ndi lolimba, ngakhale silichotsa kuwawa konse kwa fanizo la wanjinga uja. Chimene chimam'thandiza iye ndi malamulo ena: wodwala amaloledwa kumasula ndi kuswali chokhala pansi, kaya wayenda kaya sanayende. Maganizo a Ibn Taymiyya nawonso amapeza mphamvu m'madera ngati Rufunsa, kumene munthu wopita kutali ndi mudzi wake amanyamula kamba ndi kutsanzika abale ngakhale makilomita ali ochepa.

Pali kusiyana kwinanso. Kwa a Hanafi kufupikitsa ndi lamulo lofunika kulitsata, moti wa pandege sangakane ponena kuti sanatope. Kwa a Shafi'i ndi chilolezo chabe. Wapaulendo akafika kumene akupita, a Hanafi amam'werengerabe ulendo ngati akufuna kukhala masiku osakwana 15, pamene a Shafi'i amati osakwana anayi, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka.

Funso lotsiriza likukhudza bwalo la ndege lenilenilo. Ulendo umayamba munthu akadutsa nyumba zomaliza za mzinda wake, osati akatuluka pakhomo. Bwalo la Kenneth Kaunda, lomwe linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzinali mu 2011, lili m'boma la Chongwe, makilomita ngati 27 kuchokera pakati pa Lusaka. Pamene linkamangidwa linali kutchire, ndipo wofika pamenepo anali atatuluka kale mumzinda. Tsopano nyumba zikufalikira chakum'mawa motsata msewu, moti mashehe ayenera kuona ngati munthu wa mu Lusaka wodikira ndege pabwalopo wayamba kale ulendo kapena akadali kwawo. Wochokera ku Rufunsa alibe vuto limeneli, pakuti pofika pabwalo amakhala atayenda kale makilomita oposa 100.