Linda madzi apite, uziti ndadala

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amaudziwa mtima wa mitsinje yawo. Mvula itha kugwa kuphiri, kumunsi kuno dzuwa likuswa mtengo. Munthu amatsikira mumtsinje madzi akulekeza m'mawondo, koma asanaponde tsidya amangomva mkokomo kumtunda, zitsa ndi matope zikubwera. Amene adaolokapo Lingadzi kapena Kasangadzi m'dzinja safuna kuuzidwa kawiri. N'chifukwa chake akuluakulu adati, "Linda madzi apite, uziti ndadala." Sadatiletse kukondwa. Adatiletsa kudzitcha amwayi tikadali pakati pa mtsinje.

Pali anthu amitundu iwiri amene mwambiwu umawavuta kumva: wodalira mfuti ndi wotchova njuga. Onsewa amadya za lero n'kumayesa kuti mawa lidzafanana ndi dzulo. Akapulumuka kamodzi amati ndi luso, akapulumuka kawiri amati ali ndi mankhwala, ndipo akapulumuka katatu salolanso kulangizidwa.

Amene adakula akuonera mafilimu a akauboyi amamudziwa munthu wotere: chipewa chachikulu, mfuti m'chiuno, makhadi m'manja. Anthu oterewa adalikodi. Mmodzi mwa iwo ndi James Butler Hickok, amene ankadziwika kuti Wild Bill. Adabadwa mu 1837 ku America, ndipo adatchuka m'madera a kumadzulo kwa dzikolo, kumene boma lidali lisanakhazikike, chifukwa cha kufulumira kwake posolola mfuti. Mu 1871 adali mkulu wosungitsa bata m'tauni ya Abilene. Usiku wina kutabuka chipolowe, adaona munthu akuthamangira kumene iye adali ndipo adaombera osayang'anitsitsa. Womwalirayo adali mnzake, Mike Williams, amene ankabwera kudzamuthandiza. Dzanja lomwe lidamutchukitsa ndi lomwe lidapha bwenzi lake, ndipo ntchito ija idamuthera chaka chomwecho.

Zaka zake zomaliza ankadalira kwambiri njuga. Pa 2 Ogasiti 1876 adali m'nyumba yomweramo mowa ku Deadwood, tauni ya anthu okumba golide, akusewera makhadi. Chizolowezi chake chidali kukhala atatsamira khoma kuti aziona aliyense wolowa, koma tsikulo mpando wotero udali ndi mwini, ndiye adakhala chofulatira khomo. Jack McCall adalowa n'kumuombera kunkhongo. Hickok adafa ali ndi zaka 39. Luso lonse lija silidamuthandize, pakuti munthu alibe maso kumbuyo, ndipo amene wakhala akupanga adani zaka zambiri sangawawerenge onse.

Zaka zomwezo, kuno kwathu nakonso kudali kopanda mwini. Angoni a Chiwere adali atakhazikika ku Dowa, ndipo Achewa ambiri ankagona m'malinga kapena kuthawira kuphiri la Ntchisi. Kunyanja, ku Nkhotakota, kudali Jumbe, amene zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita tsidya, pa ulendo wa ku Kilwa. Kuchokera kumeneko kunkabwera nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti zagogodela. Mfuti yotere inkathiridwa wonga ndi chipolopolo chakukamwa, n'kutsinyira ndi kachitsulo, ndipo inkalira kamodzi basi. Ukaiphonya njovu, kapena wonga ukanyowa, nthawi yothiranso padalibe. Mlenje aliyense wopita kutchire ankabetcha moyo wake, ndipo mphotho yake idali minyanga yogulira mfuti zina.

M'dziko lotereli ndi mmene mudakulira Msyamboza, nyakwawa ya Chichewa ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, amene adabadwa cha m'ma 1830. Mbiri yake adailemba Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, yemwe adalembanso Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, ndipo Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi mu 1949. Msyamboza adakwera ndi mfuti. Adasaka njovu, adamenya nkhondo, ndipo adachita nawo malonda a nthawiyo, amene katundu wake sadali minyanga yokha. Anthu ankathawira kwa iye chifukwa mudzi wokhala ndi mfuti udali ndi tulo. Akadafuna kunena kuti "ndadala," palibe akadamutsutsa.

Koma nyengo idatembenuka. Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula mishoni ku Mvera, m'dziko la Chiwere. Mu 1891 Angerezi adalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ndipo mu 1894 Robert Blake adayamba mishoni ya Kongwe, kufupi ndi kwa Msyamboza. Msika wa akapolo ku Nkhotakota udatha. Mafumu ena amene chuma chawo chidali pa wonga adaumirira njira yakale mpaka asilikali a boma latsopanolo adawagonjetsa. Msyamboza, ngakhale adali atakula kale, adazindikira kuti masewero atha. Adalandira sukulu m'mudzi mwake, adalowa Chikhristu, ndipo nzeru zomwe ankasakira njovu adazitembenuzira kumunda. Adatchuka ndi ulimi wothirira ndiponso kulima mbewu zachilendo monga tirigu. Adamwalira mu 1926 ali nkhalamba ya zaka zopitirira 90.

Tisafulumire kumuyeretsa. Kutembenuka kwake sikudabweze amene adafa pankhondo zija, kapena amene adaoloka nyanja atamangidwa magoli. Mabanja awo adalira maliro opanda mtembo, ndipo ngongole imeneyo palibe tirigu angailipire. Koma funso la mwambi wathu ndi lina: kodi munthu amene zinthu zikumuyendera m'njira yoopsa angathe kuisiya zikadamuyendera? Apa ndi pamene amuna awiriwa adasiyana. Onse adali olimba mtima, onse adali akatswiri a mfuti, onse adakhala m'dziko limene lamulo lidali m'manja mwa wamphamvu. Hickok adaona kupulumuka kwake ngati umboni woti apitirize. Msyamboza adakuona ngati mpata wotulukira. Woyambayo timamukumbukira chifukwa cha mmene adafera, pamene wachiwiriyu adasiya mudzi, sukulu ndi minda.

Lero njovu zili ku malo otetezedwa monga nkhalango ya Nkhotakota, ndipo mnyamata wa ku Mponela kapena ku Madisi sayenda ndi gogodela. Koma mtima wobetcha uja sudafe. Udangolowa mufoni. Msika wa fodya ukatsegulidwa, soya ndi mtedza zikagulidwa, ndalama zimafika m'midzi, ndipo njuga imazilandira pakhomo. Ena amabetcha mpira wa ku England, ena amaseweretsa kandege kaja kamene kamakwera n'kumachulukitsa ndalama mpaka kamazimiririka mosachenjeza. Mawu ake ndi amodzimodzi pena paliponse: "Lero ndadya." "Andidya, koma mawa ndibweza." "Timu imodzi yokha ndi imene yandiphera tikiti."

Mawu otsirizawa ndiwo msampha weniweni. Munthu amene wabetcha matimu khumi n'kulondola asanu ndi anayi amachoka akuganiza kuti adatsala pang'ono, pamene wataya ndalama yonse chimodzimodzi ndi amene sadalondole ngakhale imodzi. Timu iliyonse yowonjezera patikiti imakweza mphotho, koma imachepetsanso mwayi wopambana. Ndipo mitengo ya kubetcha imawerengedwa mwakuti, pa ndalama zonse zimene anthu aika, zobwerera kwa opambana zizikhala zochepa kuposa zolowa. Kusiyana kwakeko ndiye phindu la mwini njuga. Iye sabetcha, amangodikira. Munthu mmodzi atha kupambana lero, mwinanso mawa, koma akamasewera nthawi yaitali masamu amamupeza. Choncho tsiku loopsa kwambiri kwa wanjuga si limene wadyedwa, koma limene wadya koyamba, chifukwa ndi pamene amayamba kukhulupirira kuti iye ndi wosiyana ndi anzake.

Zimandipweteka kuti ndalama zimene zimapita kumeneku si zapadera. Ndi za feteleza wa chaka chamawa, za fizi, za malata amene mayi a m'nyumba akhala akuwerengera kuyambira nthawi yofesa nazale. Fodya amatenga pafupifupi chaka chathunthu, kuchokera kudimba mpaka kuchigafa ndi kujeke, ndipo banja lonse limakhetsapo thukuta. Njuga imatha kumeza zonsezo sabata isanathe. Dziko lino lili ndi lamulo la 2022 loyang'anira njuga, ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Koma lamulo silingalowe m'thumba mwa bambo wamkulu usiku n'kumulanda foni. Mlonda wa pamenepo ndi mwiniwake, pamodzi ndi abale amene ali ndi mtima womuuza zoona.

Tsono mwambiwu tiziunena pa nthawi yake. Wodyedwa kale safunika mwambi, wamva yekha m'thupi. Wofunika kuuzidwa ndi amene wapambana dzulo, amene akugulira anzake zakumwa pa sitolo, amene aliyense akumutcha dolo. Amalume ake, mkazi wake kapena mnzake wapamtima amukhazike pansi n'kumufunsa kuti ndalama wapatazo zagula chiyani chimene chidzakhalepo chaka chamawa. Ngati ndi mbuzi, thumba la feteleza kapena pampu yothirira kudimba, azisunge ndipo asabwererenso. Ngati yankho ndi lakuti akufuna kuzichulukitsa kaye, ndiye kuti ndalamazo si zake, wangozisungira mwini njuga. Msyamboza adasiya mfuti ali ndi zaka zopitirira 60, mbiri yake ili pamwamba, ndipo adakhalanso zaka zina pafupifupi 30 akudya za m'munda mwake. Mnyamata wa zaka 25 amene angasiye lero ali ndi nthawi yochuluka kuposa pamenepo.