Ukulele wa Mtengo Wapakati ndi Funso la Ubwino wa Chinthu

Ukulele ndi choimbira cha nsambo zinayi chooneka ngati gitala wamng'ono. Kwawo ndi ku Hawaii, koma mizu yake ili pachilumba cha Madeira, m'dziko la Portugal. Mu 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inakocheza ku Honolulu itanyamula anthu a ku Madeira odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Pakati pawo panali akalipentala atatu, Manuel Nunes, José do Espírito Santo ndi Augusto Dias, amene pambuyo pake anayamba kupanga zoimbira potengera kachoimbira kakwawo kotchedwa machete. Mfumu Kalākaua ya ku Hawaii inakonda kaliridwe kake, ndipo kuchokera kubwalo la mfumu ukulele unafalikira pazilumba zonse. Lero m'sitolo muli maukulele osakwana madola 50 a ku America, mulinso oposa madola 1,000 monga a kampani ya Kamaka, imene inayamba ku Honolulu mu 1916. Ogula ambiri amaima pakati pa mitengo iwiriyi n'kumafunsa kuti wabwino ndi uti. Funso limeneli ndi lakale kwambiri pakati pa anthu oganiza mozama: kodi ubwino wa chinthu umakhala m'chinthucho, mu mtengo wake, kapena mwa munthu wochigwiritsa ntchito?

Aristotle, Mgiriki amene anakhalako zaka zoposa 300 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa m'buku lake la Nicomachean Ethics kuti ubwino wa chinthu umaoneka pa ntchito imene chinthucho chiyenera kugwira, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali woimba zeze. Ntchito ya ukulele ndi kulira molondola, ndipo zimenezi munthu angathe kuziyesa ndi manja ake ali m'sitolo momwemo. Pakhosi pa ukulele pali tizitsulo topingasa totchedwa mafreti. Nsambo ikakhwatchidwa yosagwira, kenaka n'kudinidwa pa freti ya nambala 12, iyenera kutulutsa noti yomweyo ya m'mwamba, imene oimba amati octave. Ikaphonya, ndiye kuti nyimbo iliyonse yokwera pakhosipo idzamveka yopotoka ngakhale mwini wake atachuna kangati. Pa freti yomweyo mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsulo uyenera kukhala pafupifupi mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Ukakula, zala zimapweteka. Ukachepa, nsambo imakhudza tizitsulo n'kumalira ngati chisekese. Chala chikayendetsedwa m'mbali mwa khosi sichiyenera kukandidwa, ndipo zokungira nsambo ziyenera kugwira pamene zasiyidwa, osabwerera zokha.

Apa ndi pamene maukulele otchipa kwambiri amagwera nthawi zambiri, ndipo vuto lake ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Aristotle yemweyo ananena kuti munthu amakhala woimba zeze poimba zeze, ndipo oimba abwino ndi oipa omwe amaumbidwa ndi chizolowezi. Mwana amene wapatsidwa choimbira chosachunika amadina pamene wauzidwa, koma zotuluka sizikoma. Iye sadziwa kuti cholakwa chili m'chidacho. Amangoti alibe mphatso, n'kuchikoleka kukhoma. Wina amapirira, koma khutu lake limazolowera mawu opotoka. Chida chotere chimanamiza wophunzira za iye mwini, ndipo kumeneku n'kulakwira munthu. Sikuti chotchipa chilichonse n'choipa ayi. M'zaka za m'ma 1950 Mario Maccaferri anagulitsa ku America maukulele apulasitiki mamiliyoni ambiri, ndipo ankalira molondola ndithu. Chimene chimapha chida ndi kupangidwa mosasamala.

M'Chichewa mawu akuti mtengo amatchula ndalama zogulira chinthu, amatchulanso chomera chimene thabwa limachokera, ndipo pa ukulele matanthauzo awiriwa amayendera limodzi. Maukulele oyamba a ku Hawaii ankapangidwa ndi koa, mtengo umene umamera mwachilengedwe pazilumba zimenezo zokha. Kampani ya Martin ya ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania, inatchuka ndi maukulele a mahogany, mtengo wa banja limodzi ndi mbawa. Koma chofunika kuposa dzina la mtengo ndi kapangidwe ka thabwa lapamwamba, pamene pali chiboo, pakuti ndi limene limanjenjemera n'kutulutsa mawu. Pa maukulele otsika mtengo thabwali limakhala la timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndi guluu, monga pulayiwudi. Pa apakati ambiri limakhala thabwa lenileni, kumbuyo ndi m'mbali n'kukhala komata, ndipo mawu ake amamveka odzaza, osafulumira kuzima. Komabe thabwa lenileni ndi losachedwa kudwala. Limafuna chinyezi cha mumpweya cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Likauma kwambiri limang'aluka, monga zimachitikira m'nyumba zotenthetsedwa nthawi yachisanu ku Ulaya. Thabwa lomata limapirira zimenezi. Choncho kwa munthu woyendayenda nacho, kapena mphunzitsi wopatsira ana ambiri, thabwa lonyozekalo ndiye labwino.

Kupitirira mtengo wapakati, ndalama zimayamba kugula zinthu zina: koa wa mizere yokongola, zokometsera za zigoba za m'nyanja, ntchito ya manja a mmisiri mmodzi, ndi dzina. Adam Smith, m'buku lake la 1776 lonena za chuma cha mayiko, anasiyanitsa phindu la chinthu pochigwiritsa ntchito ndi mtengo wake pamsika, potchula madzi ndi dayamondi. Koa wokongola amadula chifukwa ndi wosowa, ndipo khutu silimva kusowako. Mu 2010, ku Indianapolis, katswiri wa zamawu Claudia Fritz ndi anzake anapatsa oimba 21 mavayolini akale a ku Italy pamodzi ndi atsopano, m'chipinda cha mdima, oimbawo atavala magalasi obisa maso. Vayolini imene ambiri anaikonda inali yatsopano, ndipo imene anaikana kwambiri inali yakale, yopangidwa ndi mmisiri wotchuka Stradivari. Zimenezi sizitanthauza kuti chida chodula ndi chinyengo. Mmisiri amene wakhala masabata akupala thabwa mpaka lilire mmene akufunira ayenera kulipidwa thukuta lake, ndipo woimba wozama amamvamo tinthu timene wophunzira sangatizindikire. Zimangosonyeza kuti dzina lotchuka limatha kulowerera chiweruzo cha khutu.

Chinyengo chenicheni chimapezeka kwambiri pa mtengo wapakati pomwepo. Pali maukulele olembedwa kuti ndi a koa pamene koayo ndi kachikopa kopyapyala komatidwa pamwamba pa thabwa lina, vanishi wonyezimira n'kubisa zonse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Thomas Aquinas, wophunzitsa za Mulungu wa m'zaka za m'ma 1200, analemba kuti kugulitsa chinthu pa mtengo woposa mmene chilili n'kusalungama, ndiponso kuti wogulitsa sayenera kubisa chilema chimene chingaluzitse wogula. Wogulitsa wachilungamo amanena poyera kuti thabwa lenileni ndi liti ndipo lomata ndi liti. Wogula angadzionere yekha poyang'ana m'mphepete mwa chiboo: pa thabwa lenileni mizere ya mtengo imatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamene pa lomata pamaoneka timagawo tosanjikizana.

Mawu akuti pakati nawonso amafuna kuwamvetsa bwino. Aristotle anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kupyola muyezo ndi kuperewera, koma anachenjeza kuti pakatipo sipapezeka ndi masamu. Chakudya chochepera Milo, katswiri wa masewera ogwetsana, chikanamuchulukira munthu wongoyamba kumene masewerawo. Momwemonso kuphatikiza mtengo wotsikitsitsa ndi wokwera kwambiri n'kugawa pawiri sikuuza munthu chimene ayenera kugula. Pakati pa mwana wasukulu ndi pena, pa woimba m'kwaya kapena pa siteji ndi penanso.

Ngakhale kukula kwa chidacho kumatsata mwini wake. Soprano, wotalika pafupifupi masentimita 53, ndiye wa kaliridwe kakale ka ku Hawaii, koma zala zikuluzikulu zimapanikizana pakhosi pake. Concert ndi wa masentimita pafupifupi 58, tenor 66, ndipo onse atatuwa amachunidwa G, C, E, A. Tenor ndi amene oimba ambiri otchuka amagwiritsa ntchito, monga Jake Shimabukuro. Baritone, wa masentimita pafupifupi 76, amachunidwa D, G, B, E, ngati nsambo zinayi za mawu okwera za gitala, motero savuta kwa wodziwa kale gitala. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka kwa masiku angapo zisanakhazikike, choncho ukulele watsopano ukamamasuka pafupipafupi sabata yoyamba si chilema. Ukapitiriza kuphonya pa freti ya nambala 12 nsambo zitakhazikika, mmisiri angaukonze popala kafupa kamene nsambo zimatsamira; koma ngati tizitsulo tinaikidwa pamalo olakwika, chidacho chiyenera kubwezedwa kwa wogulitsa.